Mphindi Ziwiri za Lehiwa

MUTU 6

1. Denga la nsalu

Mvula ya mu Febuluwale kwathu ku Waiolu siodira. Imangolowa. Lolemba limenelo inalowera pamsoko wa tenti ya masamu, ndipo pamene ndinkafika ndi poto wa mpunga ndinapeza ana ataunjikana pakona imodzi ngati anapiye, mabuku atabisa m'malaya.

"Anti Dolly, mwabwera ndi tepi kapena ndi chakudya?" anafunsa Maleko, mnyamata amene amatha kugona m'kalasi maso ali otsegula.

"Ndabwera ndi mkwiyo. Sendera uko."

Ine ndine Dolly Pacheco. Pasukulu ya Punawai Iki ndimaphika, ndimayendetsa minibasi, ndipo mvula ikavuta ndimakwera makwerero kukamata tenti. Ana onse amanditcha Anti, koma wamagazi anga ndi mmodzi yekha: Lehiwa Akiona, mwana wa malemu mkulu wanga. Ndamulera kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Tsopano ali ndi khumi ndi zisanu, ndi wamtali kuposa ine, ndipo ali ndi mutu wouma umene sindikudziwa kumene anautenga. Anthu amati anautenga kwa ine, koma anthu amalankhula zambiri.

Sukulu yathu ndi ya boma ndipo ana salipira, koma siyenda ngati zinazo. Ndi sukulu ya pangano. Makolo a m'chigwa muno anagwirizana ndi boma la Hawaii kuti: inu muzitipatsa ndalama za mwana aliyense amene walembetsa, ife tiziphunzitsa m'njira yathu, ndipo pakatha zaka zisanu muzibwera kudzaona ngati ana akudziwa. Akapanda kudziwa, mutitseke. Lamulo linavomera zonsezo. Chimene silinatipatse ndi ndalama zomangira. N'chifukwa chake sukulu yonse ndi matenti anayi ndi kontena imodzi imene timaitcha ofesi popanda kuseka.

Njira yathuyo yagona pa zinthu ziwiri. Choyamba, m'mawa palibe mwana amene amangolowa pageti. Onse 112 amaima kunja n'kuodira ndi nyimbo ya makolo athu. Aphunzitsi amaima mkati n'kumvetsera. Ana akaimba ndi mtima wonse, aphunzitsi amayankha, geti n'kutseguka. Akaimba mwaulesi, aphunzitsi amangoti zii, ndipo ana amabwereza ngakhale mvula ikuwakhuthukira. Woyankha ndi mwini malo yekha. Mlendo mnzako sangakuyankhe.

Chachiwiri ndi Lachisanu. Tsiku limenelo sitilowa m'tenti. Sukulu yonse imakwera kumtunda, kudimba la koko, kukagwira ntchito m'matope ndi kuphunzira komweko.

Mu Januwale kunabwera bambo woyendera nyumba, munthu waulemu ndithu. Anagwedeza mizati, anayang'ana nthambo za magetsi zimene zinkadutsa m'madzi, n'kulemba kalata. Matenti agwire ntchito mpaka kumapeto kwa Juni. Ikatha Juni, pasapezeke mwana wophunzira pansi pake. Sindinamukwiyire, chifukwa nthambo zija nanenso zinkandidetsa nkhawa. Koma tonse tinamva tanthauzo lake. Popanda denga lenileni, Punawai Iki inali itatsala ndi miyezi inayi.

2. Ndime 7

Masana a Lolemba lomwelo mphunzitsi wamkulu, a Kumu Iwalani Tamashiro (kwathu kumu ndiye kuti mphunzitsi), anaitanitsa Lehiwa kukontena. Ine ndinalowa ngati wodzapereka tiyi, ndipo sindinatulukenso.

"Ku Nyumba ya Malamulo kuli bilu," anatero a Kumu. "Ikadutsa, sukulu za pangano zipatsidwa ndalama zomangira. Komiti ya aphungu imva maganizo a anthu Lachiwiri la sabata yamawa. Ndikufuna akamve mawu a mwana wasukulu, osati a nkhalamba ngati ine. Wokalankhula ndiwe."

Sindinadabwe. Lehiwa ndiye amayambitsa nyimbo pageti, ndipo mawu ake amamveka mpaka kumsewu.

A Kumu anamupatsa pepala limene anali atalembapo kale zoti akanene, pamodzi ndi biluyo. Iye anasiya pepala n'kuyamba ndi bilu. Mwana ameneyu amawerenga ndi zolemba za papaketi ya mchere zomwe. Patapita kanthawi chala chake chinaima.

"A Kumu, nanga ndime 7 iyi? Akuti sukulu yolandira ndalama zomangira iziphunzitsa ana m'kalasi masiku onse asanu, motsata ndondomeko ya sukulu zina zonse. Ndiye Lachisanu lathu?"

A Kumu anavula magalasi n'kutikita maso.

"Ndinaiona, mwanawe. Ndinaiona iwe usanaione, ndipo tsiku limenelo sindinadye. Koma tamvera. Ndakhala ndikupita ku Honolulu zaka khumi ndi ziwiri kukapempha denga, ndipo ndikudziwa momwe bilu imafera. Saikana pamaso pako, ayi. Akaona kuti eni akenso sakugwirizana, uyu akuti ndime iyi ichoke, uyo akuti ikhale, wapampando amangomwetulira n'kunena kuti, 'Tiyambe taiimika kaye.' Basi, yafa imeneyo. Udzaionanso chaka chamawa, ndipo ife chaka chamawa tilibe. Ana onsewa adzakwera basi maola awiri kupita kusukulu ya m'tauni. Ena adzasiyira panjira, ndipo ine mayina awo ndikuwadziwa kale. Sukulu yopanda Lachisanu ndi sukulube, koma yotsekedwa siphunzitsa munthu. Tiyambe tapeza denga, za Lachisanu tidzalimbana nazo m'tsogolo. Chinanso, kumeneko munthu aliyense amapatsidwa mphindi ziwiri zokha. Patebulo pamakhala wotchi. Ikalira, ngakhale uli pakati pa liwu, umakhala pansi. Tsono usakaimbe, usakawonjezere, usakatchule ndime 7. Ukawerenge zimene zili papepalapo. Wandimva?"

"Ndamva, a Kumu."

Mwana ameneyu ndimamudziwa ine. Akati "ndamva" amangotanthauza kuti makutu ake akugwira ntchito.

3. Kudimba

Lachisanu tinakwera kumtunda monga mwa nthawi zonse. Ine ndinatsalira pang'ono ndi dengu la musubi, timibulu ta mpunga ndi nyama, ndipo nditafika ndinapeza ana ali kale m'matope mpaka m'maondo. Gulu la Lehiwa linali pangalande ndi chidebe, wotchi ndi choyezera kutentha kwa madzi. Maleko yemwe uja, amene m'tenti amafa, anali akuthamanga pamzere ngati mbuzi, akukalipira anzake kuti mwala wina wasuntha.

Woyang'anira dimbalo ndi Ankolo Likeke Kahananui, a zaka makumi asanu ndi awiri ndi zinayi. Nsapato anavala komaliza pa ukwati wawo, ndipo akazi awo amati ngakhale tsikulo anavula keke isanadulidwe. Ankolo anakodola Lehiwa, nakhala naye pamwala pafupi ndi pamene ndinkagawa chakudya. Sindinkamvetsera dala. Makutu anga ndi aakulu basi.

"Ndamva zoti ukupita kwa akuluakulu," anayamba Ankolo. "Chabwino. Ine sindikuuza zokanena, ndipo a Kumu ako usawaone ngati amantha. Mayi amene uja wabereka sukulu ino kumsana kuyambira iwe usanamere mano. Denga tikulifuna. Koma ndikuuze zimene ndinaona ndi maso angawa. Ndili mnyamata, m'chigwa muno munali madimba makumi anayi. Palibe amene anabwera ndi mfuti kudzatilanda. Ankabwera ndi zabwino. Ntchito yabwino kuhotela, koma uzigwira ndi Loweruka lomwe. Sukulu yabwino m'tauni, koma chilankhulo chako uchisiye pageti. Ife tinkati tilandire kaye, zinazo tidzabwezeretsa. Tabwezeretsa zingati? Tayang'ana wekha. Madimba atsala asanu ndi limodzi, ndipo anthu owadziwa ndinu a Lachisanu nomwe. Koko ukamudulira madzi sabata ziwiri n'kumati udzamuthirira m'tsogolo, umadzapeza zowola. Tsono ukapita, usakapite ngati wopemphetsa, usakapitenso ngati wandewu. Nyumba imene ija ili ndi eni ake. Ukaodire monga umachitira pano, ndipo akakulandira ukanene zoona zokhazokha. Munthu amene wakuuza yekha kuti lowa zimamuvuta kukutsekera makutu."

Lehiwa anangoyang'ana madzi akudutsa pamapazi ake.

Loweruka ndi Lamlungu tinagulitsa buledi wa nthochi pamsewu kwa alendo odzaona malo, kuti tipeze matikiti atatu a ndege. Pakati pa kugulitsako ndinaona mtsikana wanga akung'ung'udza yekha, maso ali pa wotchi ya kudimba ija.

"Iwe, ukuwerengera chiyani? Buledi anapsa kalekale."

"Nyimbo, masekondi makumi anayi. Kuyankha kwawo, khumi. Otsala makumi asanu ndi awiri ndi olankhula. Ndayesa kanayi, Anti, zikukwana ndendende."

"A Kumu anati chiyani?"

"Anati ndisakaimbe."

"Ndiye?"

"Ndiye mukandinenera?"

"Ine ndine wophika. Za nyimbo sizindikhudza."

Kunena zoona mtima wanga unali mbali zonse ziwiri. A Kumu sankanama, Ankolo nawonso sankanama. Ndinasankha kutseka pakamwa, chinthu chimene sindichitachita. Masamu a Lehiwa anali olondola, koma tonse awiri tinaiwala kanthu kamodzi kakang'ono.

4. Wotchi yofiira

Lachiwiri m'mawa tinakwera ndege ku Kahului, pachilumba chathu cha Maui, kupita ku Honolulu, ndipo nthawi ya 10 koloko tinali titakhala m'chipinda cha komiti. Munali kuzizira ngati m'filiji yanga ya nyama. Kutsogolo kunali tebulo lalitali ndi aphungu asanu ndi awiri. Pakati panali wapampando, Mayi Domingo. Kumapeto kunali bambo wowonda, waimvi, amene sankamwetulira.

"A Fujikane amenewo," anandinong'oneza a Kumu. "Ndime 7 analemba ndi iwowo."

Wotchi inali patebulo, manambala ake ofiira akubwerera m'mbuyo. Anthu ankaitanidwa mmodzimmodzi. Bambo wina wa tayi wokongola anali atangofika pa "chachitatu" pamene inalira, ndipo anakhala pansi ndi chachitatu chakecho.

"Lehiwa Akiona, wa ku Punawai Iki."

Manambala anayamba kuyenda. Lehiwa anadzuka pepala lili m'manja, lopinda. Anayenda, koma atatsala mapazi atatu kuti afike pa maikolofoni anaima, n'kuvula mapatapata.

A Kumu anandigwira mkono. "Dolly, akuchita chiyani?"

"Akuvula mapatapata, a Kumu."

Kenaka anaimba. Ndaimva nyimbo imeneyo m'mawa uliwonse kwa zaka zambiri, nthawi zambiri ndikusenda anyezi, koma tsiku limenelo tsitsi linandiima. Imanena kuti taima pakhomo panu, matope ali kumapazi. Tachokera kumtunda kumene madzi amabadwira. Tabwera kudzamva ndi kudzamvedwa. Eni nyumba, tilowe kodi? Anthu amene ankatokosa mafoni anadzutsa mitu.

Anamaliza wotchi ili pa 1:20, ndendende monga anawerengera. Anaima chilili kudikira yankho.

Zii.

Munthu wina kumbuyo anawomba m'manja kawiri n'kusiya. Wapampando anamwetulira mokoma mtima, kudikira kuti mwana ayambe kulankhula. Mwana nayenso ankadikira. Aliyense ankadikira mnzake, ndipo manambala ofiira sankadikira munthu.

Apa m'pamene ndinakumbukira kanthu kamene tinaiwala kaja. M'chipindamo munalibe amene ankadziwa kuti ayenera kuyankha.

Kwathu eni malo akakhala chete ndiye kuti sunaimbe bwino. Ndinaona mapewa a Lehiwa akukwera, akukoka mpweya. Anayambiranso nyimbo ija pachiyambi, mokweza kuposa poyamba.

Yankho linali pakamwa panga penipeni, mawu atatu okha. Koma ine ndinali mlendo. A Kumu nawonso anali mlendo. Tinangokhala, manja ali pamiyendo, kuonerera mphindi za sukulu yathu zikutha. Misozi ya a Kumu inkatsika osaipukuta.

Anamaliza kachiwiri. Anadikiranso. Wotchi inalira.

"Zikomo, Lehiwa, nyimbo yokoma kwambiri," anatero wapampando. "Nthawi yatha. Wotsatira ndi…"

Mtsikana wanga anawerama kutola mapatapata. Zaka zisanu ndi zinayi ndamulera, sindinamuonepo atachita manyazi chotero. Zinandipweteka ngati munthu wandiponda pachilonda.

5. Funso

"Pepani, a wapampando. Ndili ndi funso kwa mtsikanayu."

Anali a Fujikane. A Kumu anandifinya mkono n'kunong'ona kuti, "Mafunso a aphungu sawerengera nthawi."

"Mwanawe," anatero bambowo, "wakwera ndege kuchokera ku Maui, waimba kawiri, sunanene kanthu. Umadikira chiyani?"

"Ndimadikira kuti mundilole kulowa, bwana. Kwathu mlendo akaodira, eni nyumba amayankha. Mutakhala chete ndimayesa ndaimba moipa."

Wina anaseka n'kudziletsa msanga. A Fujikane anaika cholembera pansi.

"Ayi, sunaimbe moipa. Ife ndi amene sitinadziwe mbali yathu. Ine kuimba sinditha, koma lowa. Lowa ndithu. Tandiuza, bilu iyi ukuiona bwanji?"

Lehiwa anafika pa maikolofoni wopanda nsapato. Anatambasula pepala la a Kumu, analiyang'ana, anacheukira a Kumu eni ake, kenaka analipindanso.

"Denga tikulifuna, bwana. Matenti athu atsika mu Juni, ndipo popanda bilu iyi sukulu yathu itsekedwa. Chonde musaiphe. Koma ndime 7 itilanda Lachisanu lathu la kudimba, ndipo ndingakhale wabodza nditanena kuti ndikugwirizana nayo."

A Kumu anatseka maso. A Fujikane anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Ndime imeneyo ndinalemba ndine, ndipo ndikuuza chifukwa chake. Kudera langa kunali sukulu ya pangano. Dzina sinditchula. Inali ndi nyimbo zokoma, maulendo sabata iliyonse, zithunzi zokongola pakhoma. Ankatiuza kuti tisalowerere, lamulo linawapatsa ufulu. Tinawasiya. Inatsekedwa pakati pa chaka, ndipo ana ake atapita kusukulu zina tinapeza a zaka khumi ndi ziwiri osatha kuwerenga kalata. Mmodzi anali mdzukulu wa mnansi wanga. Agogo ake anabwera pakhomo panga n'kundifunsa kuti, 'Inu munali kuti?' Ndalama izi si zanga, mwanawe. Ndi za anthu amene amalawirira kukakolopa mahotela ndi kuyendetsa mabasi. Ufulu umene lamulo limapatsa sukulu si wongodyerera, ndi wosungitsidwa, ndipo wosungitsayo ali ndi ufulu wofunsa. Tsono ndiuze: m'matopemo mumaphunzira chiyani chimene ine ndingakaonetse agogo aja?"

Ndikuvomera kuti ndinabwera nditakonzeka kumuda bambo ameneyu. Anandilanda mwayi umenewo.

"Ndisanabwere ku Punawai Iki ndinkalephera masamu, bwana," anatero Lehiwa. "Ndinkakhala kumbuyo n'kumajambula nsomba. Lachisanu langa loyamba Ankolo Likeke anandipatsa chidebe cha magaloni asanu ndi wotchi, n'kunena kuti ndiwauze kuchuluka kwa madzi olowa m'dimba pa tsiku. Ndinalira, koma ndinapeza. Madzi akatentha kupitirira madigiri 77 a Fahrenheit koko amayamba kuwola. Ndiye timayeza polowera ndi potulukira, n'kuwerengera kuti titsegule ngalande motani kuti dimba lakumunsi lisafe. Ukalakwitsa m'kope amangokulemba ndi cholembera chofiira. Ukalakwitsa kudimba, banja lina silidya poi, nsima yathu ya koko. Lipoti la madzi timalemba tokha, m'zilankhulo ziwiri."

"Zokoma kumva. Koma aliyense wobwera pano amanena zokoma."

"Ndiye musandikhulupirire. Bwerani Lachisanu. Bwerani ndi mafunso anu, musankhe nokha ana oti muwafunse. Tikalephera, ndime 7 ikhale. Tikakhoza, mulembe kuti sukulu isunge njira yake malinga ana ake akuonetsa kuti akudziwa."

Zikhadabo za a Kumu zinalowa m'mkono mwanga. Zipsera zake ndikadali nazo.

Wapampando ananong'onezana ndi a Fujikane. Kenaka anakweza mutu n'kumwetulira.

"Bilu iyi tiyambe taiimika kaye," anatero. A Kumu anabuula. "Mpaka Lolemba likudzali, 10 koloko m'mawa. A Fujikane adzatiuza zimene akaone, kenaka tidzavota."

Titatuluka pakhonde, a Kumu anamuimika Lehiwa pafupi ndi chipilala.

"Ukudziwa chimene wachita? Waika sukulu yonse pamitu ya ana amene sunawafunse n'komwe. Nanga akakasankha Maleko?"

"Maleko ndi amene amadziwa ngalande kuposa tonsefe, a Kumu."

"Usandiyankhe!"

"Pepani. Sindinakumvereni. Chilango ndilandira."

"Ulandiradi. Sabata ziwiri ukutsuka mapoto a Anti ako." Anapuma kaye, n'kumukonza kolala imene sinali yopindika. Mawu awo anatsika. "Zaka khumi ndi ziwiri ndalowa m'chipinda chimenecho. Palibe phungu amene anandifunsapo funso."

Tili chiimire, a Fujikane anatulukira ndi mapepala awo kukhwapa.

"Lachisanu ndibwere ndi chiyani?" anafunsa.

"Zovala zoti zide, bwana," anayankha Lehiwa. "Koma pageti pathu palibe amene amangolowa."

"Ngakhale phungu?"

"Ngakhale wobweretsa gasi amaodira."

Lehiwa anabwereka cholembera changa, natembenuza pepala la a Kumu lija, limene sanaliwerenge, n'kulemba mawu a nyimbo kuseri kwake. A Fujikane analilandira ndi manja awiri.

6. Mlendo wa Lehiwa

Lachisanu kunacha bwino. Ana anaodira ndipo analandiridwa ulendo woyamba womwe, zimene sizichitikachitika. M'malo mokwera kumtunda anaima mkati mwa geti, onse 112, ndi Ankolo Likeke kumbuyo atatsamira khasu.

"Mlendo ndi wako," a Kumu anauza Lehiwa. "Woyankha ndiwe lero."

Galimoto yobwereka inaima kumsewu. Munatuluka a Fujikane atavala kabudula, miyendo yoyera ngati chinangwa chosenda, mapatapata atsopano kapepala ka mtengo kakadalendewera. Kukhwapa kunali chikwama cha mafunso. M'dzanja munali pepala lija.

Anaima pageti, anakhosomola, nayamba. Ndanena kale kuti bambowa ndinayamba kuwalemekeza, choncho za mawu awo sindinena zambiri. Anaimbira pansi, maso ali papepala, mothamanga ngati munthu wofuna kuthana nazo, ndipo mzere wachitatu anaudumpha wonse. Ana analuma milomo.

Anamaliza. Maso onse anapita kwa Lehiwa.

Pamaso pake panali munthu amene Lolemba akanatha kutipatsa denga kapena kutimana. Mwana wa giredi 1 akanaimba choncho akanabwereza, ndipo tonse tinkadziwa zimenezo.

"Yankha, mwanawe," ananong'ona a Kumu. "Chonde."

Lehiwa anangoti zii.

Ndinawerenga mumtima. Masekondi asanu. Khumi. Khumi ndi asanu. Ndinayamba kuganiza za ntchito yophika kuhotela.

A Fujikane anayang'ana pepala, anayang'ana mtsikanayo. Kenaka anaseka, kuseka kwenikweni kochokera m'mimba. Anaika chikwama cha mafunso pa udzu wonyowa, anavula mapatapata, anawongola msana, nayambiranso pachiyambi. Mawu anali oipa chimodzimodzi, koma ulendo uno anawatulutsa onse, mzere wachitatu womwe, mpaka agalu a kumsewu anauwa.

Asanatseke n'komwe pakamwa, Lehiwa anayankha, ndipo sukulu yonse inamutsatira: lowani, mphasa yayalidwa. Ankolo Likeke anapukuta maso ndi dzanja lamatope. A Kumu anatsegula geti okha.

Mlendo analowa wopanda nsapato. Anatola chikwama chake, anachitsegula, nayendetsa maso pamizere ya ana pang'onopang'ono, ngati munthu wosankha nsomba pamsika.

"Munati ndisankhe ndekha, eti?" anatero. "Chabwino. Tiyambe ndi mnyamata uyo, akuyasamulayo."

Maleko anatseka pakamwa, anacheuka kumbuyo kuona ngati kuli wina, n'kupeza kuti kumbuyo kwake kuli mpanda wokha.

Lehiwa anatola chidebe ndi wotchi, n'kukamupatsa m'manja.